Ndemanga pa Microsoft Flight Simulator X, pulogalamu imene Kaputeni Zaharie ankaulukira m'nyumba mwawo

Ndinagula pulogalamu ya Microsoft Flight Simulator X pa chifukwa chimodzi, ndipo ndi bwino ndichitchule poyamba kuti owerenga adziwe mtima umene ndikuiweruza nawo. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwerenga za a Zaharie Ahmad Shah, kaputeni wa ndege ya Malaysia Airlines ya nambala MH370, imene inasowa pa 8 Malichi 2014 ili ndi anthu 239. Nkhani yawo ikangoyambika, pamatulukira makina oyeserera kuyendetsa ndege amene iwo anadzilumikizira okha kunyumba kwawo. Ena amati makinawo akusonyeza munthu amene ankakonda ntchito yake mpaka kuitengera kunyumba, pamene ena amati akusonyeza munthu amene anakonzeratu zosowetsa ndegeyo. Ndinaona kuti sindingathe kuyeza mawu a mbali ziwirizi ndisanakhale pansi ndekha, kugwira chiwongolero, ndi kuona zimene pulogalamu yotereyi imachita ndiponso zimene imasunga. Ndaigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo, ndipo zimene ndikulemba pano ndi zimene ndapeza.

Pulogalamuyi inatuluka m'chaka cha 2006, ndipo inatulutsidwanso mu Disembala 2014 pa Steam, msika wa pa intaneti wogulitsa masewera a pakompyuta, kumene munthu angaipeze mosavuta. Ili ndi mabwalo a ndege oposa 24,000 a padziko lonse, kuphatikizapo la Kuala Lumpur, la Penang ndi la Beijing, ndipo munthu amadzisankhira yekha malo onyamukira, nthawi, nyengo, kuchuluka kwa mafuta ndi kulemera kwa katundu. Imabwera ndi ndege zingapo, kuyambira kandege kakang'ono ka Cessna 172 mpaka Boeing 737-800, Airbus A321 ndi Boeing 747-400. Wogula adziwiretu kuti pa ndege zobwera nayo palibe Boeing 777, choncho amene akufuna mtundu wa ndege imene a Zaharie ankayendetsa ayenera kugula yowonjezera kwa makampani ena. Ine ndinagula ya kampani ya PMDG, imene inatuluka mu 2013, ndipo ndi imeneyo inandisonyeza kulemera kwa ntchito ya munthu amene ndinkafuna kumumvetsa. Chiwongolero cha m'manja chimafunikanso, chifukwa kuyendetsa ndi mabatani a kompyuta okha kumachititsa ndege kugwedezeka moti palibe chimene munthu angaphunzire.

Chinthu chabwino koposa m'pulogalamuyi ndi maphunziro ake, amene amayambira pansi penipeni. Munthu amayamba ndi Cessna, kuphunzira kusunga ndege pa msinkhu umodzi, kukhota popanda kutsika, ndi kutera popanda kudumphadumpha pamsewu wa ndege. Zinanditengera masabata angapo kuti nditere bwino katatu motsatizana, ndipo m'masabata amenewo ndinayamba kuwerenga mbiri ya ntchito ya a Zaharie ndi maso ena. Iwo anabadwira ku Penang mu 1961, anaphunzira pa Penang Free School, ndipo analowa m'kampani ya ndege ya dziko lawo mu 1981 monga wophunzira kuyendetsa ndege. Anakaphunzitsidwa ku Manila, m'dziko la Philippines, ndipo mu 1983 anayamba kuuluka monga wothandizira pa ndege za Fokker F27, zimene zimayenda ndi zopukusa mphepo. Anakhala kaputeni wa Boeing 737-400 mu 1991, wa Airbus A330-300 mu 1996, ndipo mu 1998 anafika pa Boeing 777-200. Ndisanagwire chiwongolero, zaka zimenezi ndinkangoziona ngati mndandanda wa manambala. Nditavutika ndi kandege ka mipando inayi, ndinazindikira kuti nambala iliyonse ikuimira mayeso, maphunziro atsopano ndi kuzolowera ndege ina imene ili ndi khalidwe lakelake, ndipo munthuyo anakwera makwerero onsewo m'kampani imodzi kwa zaka zoposa 30.

Boeing 777 ya PMDG imayamba, munthu akafuna, ili yozimitsidwa kotheratu, m'chipinda cha oyendetsa muli mdima. Kuti idzuke pamafunika kuyatsa mabatire, kuyatsa kainjini kakang'ono ka kumchira kamene kamapereka magetsi ndi mpweya, kudikira kuti zida zodziwira malo zikhazikike, kenako kulemba njira yonse m'kompyuta ya ndegeyo, pamodzi ndi kulemera kwake ndi mafuta ake, kuti iwerengere liwiro lonyamukira. Kuiwala chinthu chimodzi kumabweretsa chenjezo pa sikirini, ndipo chenjezo lililonse lili ndi ndondomeko yake yoyenera kutsatidwa mwadongosolo. Apa ndi pamene ndinagoma ndi opanga ndege yowonjezerayi, chifukwa sanafewetse zinthu pofuna kusangalatsa wosewera. Mabuku amene amabwera nayo ndi aakulu kwambiri, ndipo wosafuna kuwerenga sangapite nayo kutali. A Zaharie anali ndi maola oposa 18,000 a kuuluka, oposa 8,000 mwa amenewo pa ndege ya mtundu umenewu, ndipo kuyambira mu 2007 anali mphunzitsi ndiponso woyesa mayeso oyendetsa ndege anzawo. Zimene ine ndimachita ndi buku pamiyendo kwa ola lathunthu, iwo ndiwo ankaona ngati ena akuzichita molondola. Ngakhale usiku umene ndege inasowa anali pa udindo womwewo, popeza wothandizira wawo, Fariq Abdul Hamid, wa zaka 27, anali kumaliza maphunziro ake osinthira ku Boeing 777.

Anthu ambiri amafunsa chifukwa chimene munthu wouluka tsiku ndi tsiku angadzipangire makina otere kunyumba, ndipo funsolo nthawi zambiri limafunsidwa mokayikira. Makina a a Zaharie anali ndi masikirini asanu ndi limodzi, ndipo sanawabise, chifukwa anaika zithunzi zake pa intaneti nakambirana za iwo ndi anthu ena okonda zomwezo. Anali munthu wa manja osakhala chete. Ankaulutsa tindege toseweretsa toyendetsedwa ndi rimoti, ankakonda kuphika, ndipo anajambula mavidiyo a pa YouTube ophunzitsa anthu kukonza zinthu za m'nyumba, monga kusamalira makina oziziritsa mpweya kuti asamadye magetsi ambiri ndi kutseka mawindo olowa madzi. Nditakhala ndi pulogalamuyi kwa kanthawi, funso lija linaleka kundivuta. Imakoka munthu wa mtima wofuna kudziwa, chifukwa imalola kuyesa zimene palibe angayese ndi ndege yeniyeni yodzaza ndi anthu, monga kuzimitsa injini imodzi ponyamuka, kutera pa bwalo lalifupi mvula ikukhuthuka, kapena kuona kutalika kwa mtunda umene ndege ingayandame mafuta atatha. Ine amene si woyendetsa ndege ndinayesa zonsezi m'mwezi woyamba, ndipo sindinkaganiza choipa chilichonse. Ndikukhulupirira kuti mphunzitsi wa oyendetsa ndege anali ndi zifukwa zochuluka kuposa zanga.

Tsiku lina usiku ndinaganiza zotsata ulendo womaliza wa ndegeyo monga mmene ofufuza anaufotokozera, ndipo ndinachita zimenezi ndi mtima wolemera, podziwa kuti ndikutsata njira imene munatayika anthu enieni, apaulendo 227 ndi ogwira ntchito 12, ndipo 153 mwa apaulendowo anali nzika za China. Ndege yeniyeniyo, Boeing 777-200ER, inanyamuka ku Kuala Lumpur cha m'ma 00:42 kupita ku Beijing, ulendo wa pafupifupi maola asanu ndi theka, itamwa mafuta okwana makilogalamu 49,100. Inakwera kufika mafiti 35,000. Nthawi ili 01:19, oyang'anira mlengalenga a ku Kuala Lumpur anaiuza kuti ilankhule ndi anzawo a ku Ho Chi Minh, m'dziko la Vietnam, ndipo kuchokera m'ndegemo munamveka mawu otsanzika ofunira usiku wabwino pamodzi ndi nambala ya ndegeyo. Patangopita mphindi ziwiri, ili pafupi ndi malo a pamapu otchedwa IGARI pamwamba pa nyanja ya South China, chida chake chodzidziwitsira kwa oyang'anira, transponder, chinaleka kutumiza uthenga. Rada ya asilikali inaiona ikubwerera, kudutsa pamwamba pa dziko la Malaysia, kuzungulira kummwera kwa chilumba cha Penang, ndi kulowera kumpoto chakumadzulo motsatira khwalala la nyanja la Malacca, mpaka inazimiririka nthawi ili 02:22.

Pa mbali imeneyi pulogalamuyi inachita bwino kwambiri. Kutalika kwa mitunda, nthawi imene ndege imatenga ndi mmene mafuta amatsikira zinandipatsa chithunzi chimene mapu a m'nyuzipepala sanandipatsepo. Ndinaona kufupika kwa nthawi ya pakati pa kutsanzika ndi kuzima kwa transponder, ndipo ndinaona mmene magetsi a Penang amaonekera kudzanja lamanja ndege ikamazungulira. Ndinaonanso chinthu china chimene chiyenera kunenedwa mosabisa, chakuti kutembenuza ndege yaikuluyi n'kosavuta kwa munthu wodziwa chipindacho, ndipo kuzimitsa transponder kumangofuna kupotokola kabatani kamodzi. Lipoti lomaliza la ofufuza a ku Malaysia, limene linatuluka mu Julaye 2018, linanena kuti kubwerera kuja kunachitika ndege ikuyendetsedwa ndi manja, koma linanenanso kuti silingathe kutsimikiza chimene chinasowetsa ndegeyo, kuti silingakane zoti mwina munthu wina analowererapo, ndiponso kuti silinapeze umboni wa kusintha kwa khalidwe, mavuto a ndalama kapena kusokonezeka kwa maganizo mwa oyendetsa awiriwo. Pulogalamuyi imathandiza munthu kumvetsa gawo loyamba la mawu amenewa, la mmene ndege imatembenukira, koma pa funso la dzanja limene linatembenuza ndi chifukwa chake, ilibe chonena.

Mbali imene inanditengera nthawi yaitali ndi ya mafayilo, chifukwa ndi pamene pagona mlandu wonse umene anthu amawaimba a Zaharie. Apolisi anatenga makina aja kunyumba kwawo patatha sabata imodzi ndege itasowa, ndipo boma la Malaysia linalengeza kuti zina mwa zosungidwa zinafufutidwa pa 3 Febuluwale 2014, napempha thandizo la FBI, bungwe lofufuza milandu la ku America, kuti zibwezeretsedwe. Mu 2016 zinamveka kuti m'zidutswa za mafayilo zimene zinapezeka munali malo ochepa a pamapu amene, akalumikizidwa, amapanga njira yochokera ku Kuala Lumpur, kukwera m'khwalala la Malacca, kenako kukhotera kummwera kwa nyanja ya Indian mpaka mafuta kutha. Bungwe la ku Australia lofufuza za ngozi za paulendo, la ATSB, linavomereza mu 2017 kuti njira yotereyi inalipo, kuti inayesedwa kumayambiriro kwa Febuluwale 2014 pogwiritsa ntchito Boeing 777-200LR, ndipo linati chiyambi chake chimafanana ndi njira imene MH370 inadutsa, ngakhale kuti sichifanana nayo kotheratu. Ofufuza a ku Malaysia, mbali yawo, anati sizinatsimikizike ngati malo onsewo anachokera mu ulendo umodzi, ndipo apolisi sanapeze chachilendo kupatula kuyeserera kwa masewera.

Ndinayesa kuona mmene zizindikiro zotere zimatsalira pa kompyuta. Pulogalamuyi ili ndi njira yonyamula ndege pamapu ndi kuiika pena paliponse m'kanthawi kochepa, moti munthu akhoza kukhala pa Malacca mphindi ino, mphindi yotsatira ali pakati pa nyanja popanda kuuluka mtunda wapakatiwo. Ilinso ndi njira yothamangitsa nthawi, ndi yochepetsa kapena kuwonjezera mafuta ndege ili m'mwamba. Fayilo yosungidwa imalemba malo, msinkhu, liwiro, mafuta ndi mmene zida zinalili pa mphindi imeneyo, ndipo mafayilo ena pulogalamu imadzilembera yokha munthu osaiuza. Nditatsegula foda yanga patatha miyezi itatu, ndinapezamo ndege zopanda mafuta pamwamba pa madzi, ndege yozima injini pafupi ndi mapiri, ndi maulendo amene sindinkakumbukira n'komwe chifukwa chimene ndinawayambira. Munthu wosandidziwa atawerenga foda imeneyo akhoza kulemba nkhani yoopsa kwambiri yokhudza ine, ndipo nambala iliyonse m'nkhaniyo ikhoza kukhala yoona.

Sindikufuna kuti mawu awa amveke ngati ndawayeretsa a Zaharie, chifukwa zimenezo zikhoza kukhala kunama kwa mtundu wina. Kufanana kwa njira ziwirizi n'kolemera, ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene akatswiri ena odalirika amakhulupirira kuti kaputeniyo ndiye anachita zimenezi, makamaka poona kuti kuzima kwa transponder ndi kubwerera kwa ndege zinachitika pa malire enieni a madera awiri a oyang'anira mlengalenga ndiponso kuti zinkafuna munthu wodziwa ndegeyo. Nyanja ya kummwera ija si malo amene munthu amangopitako mwangozi pa pulogalamu, popeza kulibe bwalo loti n'kuterapo ndipo kulibe chooneka kupatula madzi. Koma nditagwiritsa ntchito chida cha mtundu womwewo, ndikuona kuti amene amati makina a kunyumba aja anatseka mlandu akupereka kwa fayilo mphamvu imene fayilo ilibe. Achibale awo, makamaka mchemwali wawo, akhala akukana poyera kuti m'bale wawo angachite zotere, ndipo iwo anasiya mkazi ndi ana atatu amene akhala ndi chikayiko cha dziko lonse pamwamba pa chisoni chawo. Mpaka zida zojambula mawu ndi kayendedwe ka ndege zitapezeka, munthu wachilungamo ayenera kusunga zinthu ziwirizi pamodzi, kufanana kwa njira ndi kusowa kwa umboni wa cholinga.

Zofooka za pulogalamuyi zilipo, ndipo zambiri zimachokera ku ukalamba wake. Inapangidwa pa kapangidwe kakale ka 32-bit, kamene sikalola kugwiritsa ntchito memori yoposa magigabaiti anayi ngakhale kompyuta ikhale yamphamvu chotani, choncho wowonjezera ndege zolemera ndi mabwalo okongoletsedwa ayenera kuchepetsa zinthu zina kuti ulendo wautali ufike kumapeto. Mizinda ndi minda zimaoneka zofanana m'madera ambiri, ndipo mawu a oyang'anira mlengalenga amatsata ndondomeko yophweka imene siifika pa kuchuluka kwa zokambirana za pawailesi yeniyeni. Zofooka zazikulu, komabe, n'zimene palibe pulogalamu ya pakompyuta ingazithetse. Thupi silimva kupendekeka kwa ndege, tulo ta pakati pa usiku kulibe, utsi kulibe, ndipo kuchepa kwa mpweya kumene kumafoola munthu mpaka kukomoka sikungayesedwe munthu atakhala pampando wa m'nyumba. Zimenezi n'zofunika pa nkhani ya MH370, chifukwa ena mwa mafotokozedwe a zimene zinachitika amadalira zinthu zomwezo, ndipo ofufuza a ATSB anagwiritsa ntchito ganizo loti kumapeto kwa ulendowo panalibe amene ankaiwongolera ndegeyo posankha malo ofufuza. Pulogalamuyi siyeserezanso kulumikizana kwa ndege ndi setilaiti ya Inmarsat, kumene kunapitirira mpaka 08:19 m'mawa ndipo ndiko kunasonyeza kuti ndegeyo inalowera kummwera.

Ndinauluka gawo la kummweralo kamodzi kokha, popanda kuthamangitsa nthawi, ndipo sindikuganiza kuti ndidzabwerezanso. Kwa maola ambiri palibe chimene chimasintha pa sikirini kupatula nambala ya mafuta, mpaka kunja kumayamba kuyera ndipo pansi pamaoneka madzi okhaokha mbali zonse. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chimene maiko a Australia, Malaysia ndi China anafufuza pansi pa nyanja dera la masikweya kilomita 120,000 n'kuimitsa ntchitoyo mu Januwale 2017 osapeza kanthu, ndi chifukwa chimene kampani ya Ocean Infinity inabwerera chimanjamanja mu 2018. Zimene zapezeka ndi zidutswa zokokoloka ndi madzi, kuyambira ndi chigawo cha phiko chimene chinapezeka pa chilumba cha Réunion mu Julaye 2015, ndi zina zimene zinatoledwa m'magombe a Mozambique, Tanzania, South Africa, Madagascar ndi Mauritius. Kukula kwa nyanjayo ndi chinthu chimodzi chimene pulogalamu yakaleyi imasonyeza molondola, mwina chifukwa pamenepo palibe chofunika kukongoletsa.

Kwa munthu wongofuna kuona malo okongola ali m'mwamba, mitundu yatsopano ya Microsoft Flight Simulator, ya 2020 ndi ya 2024, ndiyo yoyenera, ngakhale imafuna kompyuta yamphamvu ndi intaneti yothamanga. Kwa wofuna kuphunzira maziko a kuuluka pa kompyuta wamba, kapena wofuna kuona ndi maso ake chida cha m'badwo umene a Zaharie ankagwiritsa ntchito, Flight Simulator X ikadali yothandiza, ndipo ndikuivomereza, pokhapokha wogulayo akhale wokonzeka kugula chiwongolero, kuwonjezera Boeing 777 payokha, ndi kuwerenga mabuku ake. Ayambe ndi maphunziro a Cessna ndipo asathamangire ndege yaikulu, chifukwa wodumpha gawo limenelo amangophunzira kudina mabatani. Ine pakali pano ndabwerera ku ndege zazing'ono, ndipo ndikuphunzira kutera pa bwalo la Penang mphepo ikuwomba chammbali, zimene mpaka lero ndimakhoza kamodzi pa maulendo atatu.